Mlandu Suli pa Pemphero: Anamondwe ndi Anthu a m'Makomboni a ku Mashonaland

Mwezi wa February m'chaka cha 2000 unagwetsa zinthu ziwiri pa dziko la Zimbabwe, ndipo olemba mbiri amazisimba padera ngati kuti zinagwera anthu osiyana. Pa 12 ndi pa 13 anthu anaponya voti ya riferendamu nakana malamulo atsopano oyendetsera dziko amene boma la Robert Mugabe linawaikira patsogolo. Pa 22 namondwe Eline anatera pagombe la Mozambique kummwera kwa Beira, nalowa m'Zimbabwe ndi mvula imene inagumula milatho ndi madamu, makamaka m'zigawo za Manicaland, Masvingo, Midlands ndi Matabeleland South. Mwezi womwewo usanathe, magulu otsogozedwa ndi asilikali akale a nkhondo ya ufulu anayamba kulanda mapulazi a azungu. Kwa wantchito wa m'pulazi la fodya ku Mvurwi, ku Macheke kapena ku Karoi, zonsezi zinali dzinja limodzi: kumwamba mvula yosakata, kuchipata anthu oimba nyimbo zankhondo, iye ali pakati, m'kanyumba kamitengo ndi dothi kamene sikanali kake. Mphepo yeniyeni ya namondwe kawirikawiri imathera kummawa isanakwere kumtunda kwa Mashonaland, koma mvula yake imafika ndithu, ndipo kwa munthu wogona m'khoma ladothi mvula ya masiku anayi ndi yokwanira kumugwetsera nyumba.

Pa nthawiyo m'mapulazi akuluakulu a m'Zimbabwe munkagwira ntchito anthu oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wochokera, kapena wobadwa kwa makolo ochokera, ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia. Agogo awo anadza wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene boma la Southern Rhodesia linakhazikitsa m'chaka cha 1946. Kwawo ankawatcha machona, poti anapita osabwerera. Kumene anafikira anawatcha mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale ambiri anali a ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mangochi ndi ku Chipata. Chinyanja kapena Chichewa ndicho chinakhala chiyankhulo cha m'komboni, cholumikizira Mchewa, Myao, Mngoni, Mlomwe ndi Msena. Nkhani ino ndi ya anthu amenewa ndi zidzukulu zawo, ndiponso ya milandu iwiri imene ophunzira amawagamulira nthawi iliyonse namondwe akadutsa.

Onyoza ndi Oyamikira

Chigamulo choyamba ndi cha onyoza. M'zolemba zambiri za akatswiri a ngozi zogwa mwadzidzidzi muli chiganizo chimodzi chobwerezabwereza: chakuti anthu osauka amaona namondwe ngati chilango cha Mulungu kapena mkwiyo wa mizimu, motero amagwada m'malo mothawa. Chipembedzo chimalembedwa pa mndandanda wa zopinga, pamodzi ndi umbuli ndi misewu yoipa. Chigamulo chachiwiri ndi cha oyamikira. Iwo amalemba mokhudzika mtima za kupirira kwa anthu, za amayi ophikirana, za nyimbo zoimbidwa usiku wonse m'kachisi wodontha, ndipo amamaliza ndi mawu akuti umunthu wa mu Africa sungagonje.

Awiriwa amaoneka ngati otsutsana, koma amadyera mbale imodzi. Wonyoza akuti anthu anavutika chifukwa cha iwo eni. Woyamikira akuti anthu anadzipulumutsa okha. Mwa onse awiri mulibe funso lakuti boma linali kuti, mwini pulazi anali kuti, ndipo chenjezo linafika m'chiyankhulo chanji. Pemphero la m'komboni lasanduka chophimba: ena amaliloza kuti apeze woti am'dzudzule, ena amaliimbira m'manja kuti asadzudzule aliyense.

Mantha Amene Ali ndi Maziko

Asanagamule, wonyoza ayenera kuona kaye mmene komboni inamangidwira. Nyumba ya bwana inkakhala pamtunda, mabalani owotchera fodya amanjerwa pafupi nayo, ndipo komboni inkaikidwa pamalo amene khasu silinawafune: m'mphepete mwa dambo, kunsi kwa damu la pulazi, patsinde pa kaphiri kamiyala. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothi la khoma limafewa kuyambira pansi, zimbudzi zimasefukira kulowa m'zitsime, ndipo kamlatho kolumikiza pulazi ndi msewu waukulu kamamira. Usiku mayi amamva madzi akulira kumtsinje, koma alibe njira yodziwira ngati khoma la damu lakumtunda likali lolimba. Mantha otere si umbuli. Ndi kuwerenga bwino kwa munthu amene akudziwa pamene wagona.

Ndipo akafuna kuthawa, athawire kuti? Munthu wa ku Murewa kapena ku Chiweshe ali ndi mudzi wa makolo kumene angatumize ana. Mdzukulu wa mchona alibe. Blair Rutherford, m'buku lake la 2001 lotchedwa Working on the Margins, lofotokoza za mapulazi a ku Hurungwe, anaonetsa kuti moyo wa wantchito unkalamulidwa ndi mwini pulazi monga mmene bambo amalamulira pakhomo: nyumba, chimanga changongole, sukulu ndi galimoto yopita kuchipatala, zonse zinkadalira chifundo chake. Mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 antchito a m'mapulazi sankaloledwa ngakhale kuvota pa zisankho za makhonsolo a kumidzi. Kusiya nyumba m'komboni kunali kutaya ntchito. Ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 kusiya nyumba, ngakhale kwa masiku awiri, kunali kuipereka kwa wina. Kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa 2003 anapeza kuti antchito pafupifupi 200,000 anali atachotsedwa kale ntchito, ndipo osakwana asanu mwa 100 alionse ndiwo analandira malo pa kagawidwe katsopano. Munthu amene sathawa m'nyumba yogumuka chifukwa choopa kuipeza ili ndi mwini wina sanapusitsidwe ndi mbusa. Wayeza zoopsa ziwiri nasankha imene akuidziwa.

Chimene Mneni Akunena

Amene amati kupemphera ndi kungokhala manja lende sanamvetsere chiyankhulo cha opempherawo. M'Chichewa mneni wakuti kupemphera anaphuka pa tsinde la kupempha, powonjezera kachilembo ka -er- ka msintho womuchitira. Wopemphera ndi wopempha: ali ndi chimene akufuna, ndipo ali ndi amene akumupempha. Kachilembo komweko kakabwerezedwa pamatuluka kupempherera, ndipo apo pamalowa munthu wachitatu, amene dzina lake liyenera kutchulidwa. Pa mapemphero a usiku wa mvula anthu amapempherera agogo akuti amene sayenda, mayi wakuti amene ali ndi pakati potopa, ana a uje amene bambo awo ali kumgodi. Mndandanda umenewo, wonenedwa maso ali otseka, ndiwo kalembera wa anthu ofooka a m'komboni, ndipo ndi wolondola kuposa uliwonse umene ofesi ya boma inasungapo. Pakutha pa "Ameni" achinyamata amadziwa kale makomo oti akagogode.

Msintho wina umene umadzaza pakamwa pa anthu pa nthawi yotere ndi wa -an-: kuthandizana, kusungana, kuzondana, kuikana. Mneni wotere sakhala ndi wopereka ndi wolandira osiyana. Wosunga lero ndiye wosungidwa mawa. Mwambi wakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, m'komboni si chiphunzitso cha pasukulu, ndi pangano la inshuwalansi la anthu amene kampani iliyonse inawakana. Ndipo Buku Lopatulika, limene anthuwa akhala akuliwerenga m'chiyankhulo chawo kuyambira 1922, silinawaphunzitse kulekanitsa pemphero ndi ntchito: Nowa anakhoma chingalawa, ndipo Nehemiya atapemphera anaikanso alonda. Wophunzira amene aona anthu atagwada n'kutseka kope lake waphonya theka la nkhani, pakuti sanadikire kuti aone chimene achita akadzuka.

Pali chifukwa china chimene anthu amathamangira kukachisi ndi kumzikiti. Kwa zaka zoposa 100 amenewa ndiwo mabungwe okha amene analemba maina awo osafunsa chitupa. Ntchito ya mpingo pakati pa anthu a ku Nyasaland inayamba ku Salisbury m'chaka cha 1912 ndi mbusa T.C.B. Vlok, ndipo m'chaka cha 1965 inakhala sinodi yakeyake ya CCAP, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Alaliki ake ankayenda pulazi ndi pulazi. Ayao anamanga timizikiti m'mapulazi ndi m'migodi. Mabungwe oikana maliro ankasonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi kuti mlendo asaikidwe ngati chinyama. Amayi a m'magulu a mpingo, amene kwawo amatchedwa Chigwirizano kapena Mvano, ndiwo amadziwa nyumba imene ufa watha. Ngakhale kudambwe, kumene a mpingo amakuyang'ana cham'mbali, kuli mwambo wosunga: a Gule Wamkulu amakumba manda, amasonkha, ndipo ali ndi njira zotumizirana uthenga kuchokera pulazi lina kufika lina. Mvula ikagwetsa makoma, nyumba yanjerwa yofolera ndi malata imene munthu wa m'komboni angalowe osapempha chilolezo kwa bwana kapena kwa wapampando wa chipani nthawi zambiri imakhala ya mapemphero. Akalowamo n'kuyamba kuimba, wonyoza amalemba kuti asankha pemphero m'malo mwa chitetezo, osaona kuti denga lachitetezolo ndi lomwelo.

Galamala ya M'chibisira

Woyamikira naye ali ndi mlandu wake, ndipo umaonekera m'galamala. Aphunzitsi a Chichewa amatcha msintho wa -ka kuti wam'chibisira, popeza umabisa wochita. Sam Mchombo, m'buku lake la 2004 la The Syntax of Chichewa, anafotokoza kusiyana kwake ndi msintho wochitidwa: munthu angathe kunena kuti mphika unaswedwa ndi mwana, koma akati mphika unasweka, malo a woswayo atsekeka. Malipoti a ngozi, kaya m'Chingerezi kaya omasuliridwa, amalembedwa mu mzimu wam'chibisira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Nyumba zinagumuka, mbewu zinakokoloka, katundu anawonongeka, anthu anavutika. Palibe amene anamanga komboni kunsi kwa damu, palibe amene anasiya kukonza damulo pulazi litasintha manja, palibe amene anaiwala kutumiza chenjezo. Namondwe yekha ndiye amaloledwa kukhala mwininkhani, poti iye sangaitanidwe kubwalo.

Pamwamba pa galamala yotereyi woyamikira amaikapo mawu a Chingerezi akuti resilience, amene omasulira amawatcha kupirira. Koma m'Chichewa munthu amapirira chinthu chimene sayenera kuchiona: amapirira ululu, amapirira nkhanza za m'banja. Kuuza munthu kuti ndi wopirira ndi kuvomera kuti akuzunzika. Kumuyamikira pa kupirirako osachotsa chomuzunzacho ndi kumupempha kuti apitirize. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma mitu 100 ya anthu osauka singasenze mlatho, singakonze khoma la damu, singagule helikopita. Chithandizo cha m'komboni ndi kugawana kwa anthu opanda kanthu: mbale ya ufa imachoka panyumba ya njala kupita panyumba ya njala yoposa. Amene amasimba zimenezi ngati umboni wakuti anthuwa sasowa kanthu akuba ulemu wa osauka kuti alipire ngongole ya olamulira.

Kaundula Amene Alibe Maina Awo

Lamulo la Zimbabwe la Civil Protection la 1989 linakhazikitsa makomiti oona za ngozi m'zigawo ndi m'maboma. Kumidzi chithandizo chimatsika kudzera mwa khansala ndi sabhuku, nyakwawa imene dzina lake lenilenilo likutanthauza mwini buku. Wolembedwa m'buku amalandira chimanga, mabulangete ndi malata, wosalembedwa kulibe. Komboni ya pulazi inalibe sabhuku, ndipo pamene midzi yatsopano inakhazikitsidwa m'mapulazi olandidwa, ambiri mwa antchito akale anatsala m'makomboni ngati alendo a eni atsopano, olipira malo ogona ndi maganyu.

Pamwamba pa izo panadza nkhani ya unzika. Kusintha kwa lamulo la unzika kwa 2001 kunalamula aliyense woganiziridwa kuti angakhale nzika ya dziko lina kuti akaukane unzikawo motsata malamulo a dzikolo. Anthu obadwira ku Banket ndi ku Shamva, amene sanaonepo nyanja ya Malawi, anauzidwa kuti akakane ku ofesi ya kazembe chinthu chimene sanakhale nacho. Zitupa za ambiri zinali ndi chizindikiro chakuti ndi alendo. M'zaka zomwezo Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda, mawu amene aliyense anamva kuti akuloza zidzukulu za machona, ngati kuti Aphiri, Abanda, Amwale ndi Ambewe alibe ziwongo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, m'ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC. Komabe lipoti la Amnesty International la 2021 linanena kuti anthu pafupifupi 300,000 m'dzikolo anali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo zidzukulu za antchito obwera zinali gulu lalikulu mwa iwo. Kholo lopanda chitupa silingatengere mwana kalata yobadwira, ndipo umphawi wa mapepala umayenda m'magazi ngati nthenda yakumtundu. Munthu wotere akamwalira m'madzi, ngakhale chiwerengero cha akufa chikhoza kumudumpha.

Chenjezo ndi Chiyankhulo Chake

Ndime 6 ya malamulo omwewo a 2013 imatchula ziyankhulo 16 zovomerezeka, ndipo chifukwa cha ndondomeko ya alifabeti Chichewa ndicho chili patsogolo pa zonse. Ndimeyo imalamulanso nthambi za boma kuganizira chiyankhulo chimene anthu okhudzidwa ndi uthenga wa boma amafuna. Palibe uthenga wa boma umene umakhudza munthu kuposa wakuti madzi akubwera. Wailesi ya National FM ili ndi nthawi zoulutsa m'Chichewa, koma pulogalamu ili ndi ola lake pamene namondwe alibe. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo amatuluka poyamba m'Chingerezi, ndi mamilimita ndi makilomita pa ola, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono kudzera m'mafoni ndi m'makomiti. Pofika kukomboni amakhala atasanduka mphekesera.

Wotsutsa adzati zidzukulu za machona zimayankhula Chishona, ndipo Chichewa chatsala ndi nkhalamba. Mbali yaikulu ya mawu amenewa ndi yoona, ndipo ana ambiri a m'mapulazi lero amamva Chichewa koposa mmene amachiyankhulira. Koma nkhalambazo ndizo zimatsala m'nyumba madzi akamadza, ndipo ndizo zimene mawu awo amamveka pogamula ngati banja lichoke kapena likhale. Komanso chiyankhulo cha chenjezo chimanena zinthu ziwiri nthawi imodzi: chimanena za mvula, ndipo chimanena amene wochenjezayo akumuwerengera ngati wake. Anthu amene kwa zaka 20 amva mawu a boma akubwera ndi kuthamangitsidwa, monga mmene anagwetsera nyumba za ku Porta Farm kufupi ndi Norton pa Operation Murambatsvina m'chaka cha 2005, akamva lamulo lakuti chokani sayamba aganiza za mtsinje. Mawu omwewo akanenedwa ndi mkulu wa mpingo, ndi shehe kapena ndi mlembi wa bungwe la maliro, m'chiyankhulo chimene anthu amalirira maliro, amamveka ngati chenjezo la mbale.

Chichewa chilinso ndi chuma cha mawu chimene omasulira machenjezo sanachigwiritse ntchito. Chimasiyanitsa mkuntho, kamvuluvulu, namondwe ndi chigumula, ndipo chili ndi napolo, dzina la chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimatuluka ndi matope ndi miyala, monga zinachitikira ku Zomba mu December 1946 ndi ku Phalombe mu March 1991. Wonyoza adzaseka njokayo. Koma m'dzina limenelo muli chidziwitso chimene mawu akuti kusefukira kwa madzi alibe: chakuti imfa ikhoza kutsika kuchokera kumwamba kwa phiri. Pa namondwe Idai, amene anatera ku Beira usiku wa pa 14 March 2019 nafika ku Chimanimani tsiku lotsatira, anthu a ku Ngangu anakwiriridwa ndi phiri logumuka ali m'tulo, pamene a ku Kopa anakokoloka pamathiriro a mitsinje, matupi ena n'kukapezeka ku Mozambique. Anthu oposa 340 anafa m'Zimbabwe, ndipo mazana ena sanapezeke. Uphungu wozolowereka wakuti thawirani kumtunda unali woona ku Kopa koma wosakwanira ku Ngangu. Chenjezo labwino limasowa mawu osiyanitsa zoopsa ziwirizi, ndipo ziyankhulo za anthu okhala m'mapiri, kaya Chindau kaya Chichewa, ndi kumene mawu otero ayenera kufunidwa.

Komabe katswiri wa ziyankhulo asadzinamize kuti mawu okha apulumutsa munthu. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwa pa chigawo cha kummwera kwa Malawi, kumene machenjezo anaulutsidwa m'Chichewa chomveka ndipo dzina la napolo aliyense amalidziwa. Anthu oposa 1,200 anafa kapena kusowa osapezekanso, ambiri mwa iwo ku Chilobwe patsinde pa phiri la Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Amene anamanga m'mphepete mwa Soche anamangamo chifukwa kunalibe kwina kumene thumba lawo likanafika. Ku Mashonaland nkhani ndi yomweyo. Ochotsedwa m'mapulazi anakamanga pamene ena anapakana: m'madambo, m'mbali mwa mtsinje wa Mazowe kumene amasefa golide, m'midzi yosavomerezeka ngati Lydiate. Ndipo namondwe Ana wa mu January 2022, amene ku Malawi anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, anakumbutsa kuti chigwa cha Muzarabani ndi Mbire, kunsi kwa mapiri a Mashonaland Central, sichili kutali ndi njira ya anamondwe. Chenjezo limathandiza munthu amene ali ndi kothawira. Kwa wopanda malo limangomuuza ola loti ayambe kuopa.

Mipingo Nayonso Iyankhe

Kuteteza pemphero la osauka si kumasula aliyense wovala kolala. Alipo alaliki amene namondwe akadutsa amathamangira kulengeza kuti akufawo anali ochimwa, ngati kuti madzi amawerenga kaundula wa mgonero. Alipo aneneri amene amagulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa kwa mayi amene ndalama yakeyo ikanagula pepala lofolera denga. Ilipo mipingo imene ikalandira matumba a ufa imayamba yaona kaundula wake, Msilamu ndi wa kudambwe n'kutsalira kumapeto kwa mzere, ngakhale kuti pa usiku wa mvula onsewo ananyamulira limodzi nkhalamba zomwezo. Ndipo ilipo mipingo ikuluikulu ya m'mizinda imene imafika ndi makamera sabata yoyamba, koma pa nkhani ya zitupa ndi malo okhala a antchito akale imakhala chete poopa andale. Mpingo umene umadziwa maina onse a m'komboni uli ndi umboni umene palibe wina ali nawo. Ukaubisa m'kabati ya mlembi, nawonso walowa m'galamala yam'chibisira.

Dziko la Malawi nalo lisadzione ngati woonerera. Ndalama za machona zinalipira msonkho wa nyumba, zinagula njinga ndi malata, zinaphunzitsa ana m'midzi yambiri ya ku Nyasaland. Pamene UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2005, maiko otchulidwa anali Malawi, Mozambique ndi Zambia; ovina a ku Mashonaland, amene asunga mwambowo m'mapulazi ndi m'migodi kwa mibadwo inayi, sanawerengedwe. Chibale ndi fupa, sichiola, koma ophunzira a ku Zomba ndi ku Lusaka alemba zambiri za kalembedwe ka Chichewa kuposa za anthu amene amachiyankhula kutsidya kwa Zambezi.

Zofunika kuchita si zachilendo. Bungwe la United Nations linalonjeza m'chaka cha 2022 kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi adzakhala wofikiridwa ndi chenjezo. Ku Mashonaland lonjezo limenelo lidzayesedwa pakhomo pa komboni. Machenjezo amasuliridwe m'Chichewa ola lomwelo limene atuluka m'Chingerezi, ndi omasulira odziwa Chichewa cha m'mapulazi, ndipo atchule dzina la mtsinje, la damu ndi la nyumba yothawirako. Akulu a mipingo, mashehe, alembi a mabungwe a maliro ndi akulu a kudambwe akhale ndi mipando m'makomiti a ngozi, kuti kalembera amene amanenedwa m'pemphero afike pa tebulo la wogawa chithandizo. Chithandizo chiperekedwe kwa munthu wonyowa osayamba wafunsa chitupa, ndipo olembetsa zitupa apite okha kumakomboni. Madamu a m'mapulazi akhale ndi mwini wodziwika woti ayankhe akagumuka. Koposa zonse, antchito akale apatsidwe malo okhala amene angawasiye usiku umodzi n'kuwapeza akali awo. Ophunzira a m'mayunivesite a m'chigawo chino, amene ali ndi luso lomasulira ndi losanthula mawu, ayambe ndi malipoti omwewo: paliponse pamene palembedwa kuti chinthu chinagumuka, afunse kuti anachimanga pamenepo ndani, ndipo dzina limenelo lilembedwe.